Bokosi M'kabati, Kiyi M'khosi

Tcherani khutu, inu nonse amene munakhalapo pa benchi ya sukulu mpaka matako kuchita dzanzi, pakuti ndikufuna kulongosola za nkhondo imene inagwa m'masiku aja choko chinkagawidwa chothyolathyola, pamene mwana wochedwa ankayamba watola zinyalala asanalowe m'kalasi, ndiponso pamene mphunzitsi wosowa dasitala ankafufuta pabolodi ndi chikhatho n'kukapereka nacho moni. Mibadwo ikudzayo isadzanene kuti panalibe woiuza. Ine wolemba mbiriyi ndinaona zonse ndi maso angawa, chifukwa mpando wanga m'chipinda cha aphunzitsi unali pafupi ndi ketulo, ndipo palibe nkhondo ya pasukulu imene imayamba kapena kutha kutali ndi ketulo.

M'tauni munali nyumba ya sayansi, imene ophunzira kwambiri amaitcha myuziyamu. Nyumbayi inali ndi chizolowezi chobwereketsa masukulu a pulayimale bokosi la zipangizo, kuti likhale nawo teremu yonse ana akuphunzira nalo, ndipo teremu ikamatha inkatumiza basi kudzatenga anawo pamodzi ndi bokosilo, kuti akalibweze n'kukaonetsa zimene aphunzira. M'bokosimo munali maginito, magalasi, ndi mfumu ya zonsezo, maikulosikopu, makina amene munthu akasuzumiramo amaona tinthu tosaoneka ndi maso. Chaka chimenecho mwayi unagwera ana athu a Sitandade 6. Tsoka lake linali lakuti Sitandade 6 inali ndi makalasi awiri, ndipo atambala awiri salira m'khola limodzi.

Kalasi yoyamba inkalamulidwa ndi Mayi Manjakumbuyo, Mkango wa Pabolodi, Wothyola Choko, Mwini Diso Loimitsa Mwana Pakati pa Kuyasamula. Dzina limeneli anawapatsa ndi ana, chifukwa ndiwo mawu amene ankatuluka m'kamwa mwawo asanapereke ndi moni womwe. Anaphunzitsa ana, anaphunzitsa makolo a anawo, ndipo teremu imeneyo inali yawo yomaliza asanapume pantchito. Chaka ndi chaka mayiwa ankajambula pabolodi kachilombo kam'madzi akuda, kokhala ngati phazi la nsapato lomera ubweya, kamene ankakopera m'buku lakale losowa chikuto. Ndipo chaka ndi chaka pankapezeka mwana wina wosaopa imfa wofunsa kuti, “Madamu, inuyo munakaonapo?” Iwo ankayankha kuti, “Manja kumbuyo, lemba.” Koma funsolo linkawapweteka, linkapita nawo kunyumba n'kukadya nawo mbale imodzi. Asanatule pansi choko ankafuna chinthu chimodzi chokha, kukaona kachilomboko ndi diso lawo, kuti mwana akadzafunsanso adzayankhe kuti inde.

Kalasi yachiwiri inali m'manja mwa Bambo Kafukufuku, Mnyamata wa Tayi Wofiira, Wonunkhira Kuyambira Pageti, Amene Nsapato Zake Sizidziwa Fumbi. Ameneyu ankayamba mawu aliwonse ndi “malinga ndi kafukufuku,” ngakhale popempha shuga. Anyumba ya sayansi ataitana mphunzitsi mmodzi kuti akaphunzire kagwiritsidwe ka bokosi, a Hedi anatumiza iyeyu, ati miyendo yake ikadali yanthete. Anapitadi. Koma pa nthawi imene anzake ankaonetsedwa mmene amatembenuzira timagudumu ta makina aja, ngwazi yathu inali m'chipinda china, itakolekera mkono paphewa la chigoba cha mafupa a munthu, ikudzijambula pafoni. Inabwerako ndi satifiketi, zithunzi zambiri ndi kiyi wa bokosi. Nzeru za makinawo inazisiya komweko.

Pamwamba pa onsewa panali a Hedi, otchedwa a Tikambirana, Mtsogoleri Wosakhumudwitsa Munthu, amene pa moyo wawo wonse sanaweruzepo mlandu n'kuutha. Pansi pa ulamuliro wawo sukulu yathu inkatsata lamulo lakale losalembedwa, lakuti chinthu chabwino sichigwiritsidwa ntchito, chimasungidwa. Mpira woonetsa mapu a dziko lapansi unali muofesi mwawo udakali m'pulasitiki. Mabuku atsopano anali m'makatoni kudikira alendo oyendera masukulu. Ngakhale mpira wamiyendo umene tinapatsidwa sunapopedwepo, kuopa kuti ana angaumenye.

Tsono tamverani mmene moto unabukira. Bokosi linafika m'mawa wina Bambo Kafukufuku ali kubwalo ndi ana awo, ndipo pasukulu ponse kabati yokhala ndi chitseko chonse inali imodzi, ya m'kalasi mwa Mayi Manjakumbuyo. A Hedi anati, “Libakhala mmenemo pakadali pano.” Mayi aja analilandira ndi manja awiri, analilowetsa m'kabati, n'kukhoma ndi loko wawo wochokera kunyumba. Choncho dzuwa lisanafike pamutu dziko linali litagawika pawiri. Bokosi linali m'kabati ya mayi, kiyi wa bokosi anali m'thumba la bambo.

Pa nthawi ya tiyi, ketulo ili pamoto, Bambo Kafukufuku anaimirira, anakonza tayi, n'kulankhula motere:

“Mayi, malinga ndi kafukufuku, bokosi limatsata kiyi monga mwana wa ng'ombe atsata make. Amene anaitanidwa ndine, amene anaphunzitsidwa ndine, ndipo satifiketi yake nayi, dzina langa lili pakatikati penipeni. Ndikupempha mwaulemu, pamaso pa anzathu onsewa, kuti mutsegule kabati, bokosi lipite kwa mwini wake.”

Mayi Manjakumbuyo anatakasa tiyi, anagogoda supuni pamlomo pa kapu, n'kuiika pambali.

“Bambo aphunzitsi, ine ndinayamba kugwira choko inu mukuyamwa chala. Bokosilo lagona m'nyumba mwanga. Ndi liti munamva kuti mlendo wabwera ndi kiyi m'thumba n'kunena kuti nyumba ndi yake? Bweretsani kiyiyo, tidzatsegulire m'kalasi mwanga. Ana anu adzaonere pawindo, mawindo anga ndi aakulu.”

“Kiyi ameneyu, Mayi, achoka m'manja mwanga ine nditagona chagada.”

“Ndiye muyambiretu kuyala mphasa.”

Onse anatembenukira kwa a Hedi, amene anali ataviika buledi m'tiyi. A Hedi anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, buledi n'kuthothokera m'kapu. Ndiye anati, “Tikambirana.”

Apa wolemba mbiri woona ayenera kuvundukula zimene ngwazi zimabisa kunsi kwa zishango. Mayi Manjakumbuyo sankadziwa kuti makina aja amagwiridwa pati, ndipo kufunsa mnyamata wa tayi pamaso pa ana kunali kowawa kuposa kuzula dzino. Bambo Kafukufuku nawo ankadziwa kuti tsiku limene bokosi lidzatsegulidwe ndi tsiku limene satifiketi idzasanduke pepala loyatsira mbaula. Aliyense ankaopa, ndipo aliyense ankaganiza kuti woopa ndi iye yekha. Nkhondoyi inali denga lowabisa onse awiri, n'chifukwa chake panalibe wofuna kuigwetsa.

Komabe mtima wa mayi uja sunagone. Tsiku lomwelo ana ataweruka, ndinawaona akuzungulira kuseri kwa mpopi ndi botolo la jamu. Anawerama movutikira, bondo likulira, n'kutunga madzi a m'ngalande. Botololo analiika pawindo la kalasi yawo, ndipo wofunsa aliyense ankamuuza kuti ndi madzi onyowetsera dasitala. Palibe dasitala amene ananyowetsedwapo ndi madzi amenewo. Anangokhala pawindopo, akuwombedwa ndi dzuwa, akumera ndere, akudikira tsiku la mtendere.

Nkhondo inakula. Bambo Kafukufuku anamangirira kiyi ku chingwe chofiira n'kumuvala m'khosi pamwamba pa tayi, kuti adani azimuona kuchokera kutali. Mayi Manjakumbuyo anakoka tebulo lawo n'kulitsamiritsa pachitseko cha kabati, ndipo ankaphunzitsa, kuchonga ndi kudya atakhala pomwepo. Chipinda cha aphunzitsi chinang'ambika pakati. Okalamba anapita kwa mayi, achinyamata kwa bambo, shuga anagawidwa m'mabotolo awiri, ndipo mphunzitsi wina wa Sitandade 3 anasalidwa ndi mbali zonse chifukwa anamwera kapu ya mbali ina ndi supuni ya mbali inayo. A Hedi anakhazikitsa komiti. Komitiyo inakumana, inagwirizana za tsiku lodzakumananso, n'kubalalika mokhutira.

Ine ndemwe ndinatumidwa ukazembe. Ndinayenda pakati pa makalasi awiriwo mpaka zidendene kuwawa, ndipo pomaliza ndinabweretsa nzeru imene ndinkaiona ngati ya Mulungu, yakuti bokosi litsegulidwe pakhonde, pakati penipeni pa zitseko ziwirizo, pamalo opanda mwini. Onse anavomera, koma nkhope zawo zinagwa ngati za anthu amene auzidwa tsiku la opaleshoni. Kenaka Bambo Kafukufuku anafunsa kuti pakati penipenipo ndi pati. Mayi analoza mng'alu wa simenti. Bambo anati mng'aluwo wapendekera kwa mayi. Tinagwirizana zoyeza ndi lula wamkulu wa sukulu. Lulayo anali m'kabati. Mayi anati kabati siitsegulidwa malire asanadziwike, bambo anati malire sadziwika popanda lula, ndipo onse awiri anabwerera m'makalasi mwawo akuyenda mopepuka kuposa pobwera paja.

Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, ndipo udzu wake unali ana. Teremu yonse anaphunzira za maginito poimba pamodzi kuti, “Maginito amakoka chitsulo, maginito sakoka mtengo,” maginito enieniwo ali kuseri kwa chitseko, pamtunda woti mwana n'kutambasula mkono n'kuwakhudza. Ena ankasuzumira pakabowo ka kabati pa nthawi yosesa, n'kukauza anzawo kuti aona ngodya ya bokosi, ndipo oonawo ankapatsidwa ulemu ngati anthu ochokera kumaiko akunja. Zimenezi zinkandinyansa, sindibisa. Koma nanenso ndinali wa komiti, ndipo tiyi wa komiti anali ndi mkaka.

Pomaliza tsiku la ulendo linafika, basi ya kunyumba ya sayansi n'kuima pageti. Kabati inatsegulidwa pamaso pa mboni. Bokosi linapukutidwa ndi polishi wapansi mpaka munthu kumadziona nkhope. Mayi Manjakumbuyo analinyamula okha pachifuwa, Bambo Kafukufuku akutsata pambuyo kiyi akulendewera, a Hedi ali patsogolo atavala jekete la maukwati ndi maliro. Ine ndekha ndinaona mayi aja akubwerera m'kalasi mwakachetechete, n'kutsekera botolo la madzi obiriwira lija m'chikwama chawo cha m'manja.

Nyumba ya sayansi inali yomangidwira zala za ana. Paliponse panali zotembenuza, zokoka, zodina ndi zopuzira mpweya, ndipo pakhoma panalembedwa zilembo zazikulu zakuti GWIRANI. Koma ankhondo athu atangolowa, Mkango wa Pabolodi unabangula mawu ake akale aja, “Manja kumbuyo.” Mnyamata wa Tayi Wofiira, posafuna kupambanidwa pa mwambo, anawonjezera kuti wogwira kanthu akadikira m'basi. Motero ana athu anadutsa m'zipinda zonse zodabwitsazo ali pamzere, manja ali kumsana, ngati anthu okaona nkhope pamaliro.

Kumapeto kwa zipindazo tinalandiridwa ndi mayi wa jasi loyera, mlangizi wa aphunzitsi wa panyumbapo, amene ana ankangomutcha Anti. Anayang'ana mzerewo n'kufunsa kuti, “Ana inu, manja akukupwetekani?” Kumbuyo kwake kunali alumali ya mabokosi obwezedwa ndi masukulu ena, okandikakandika, othimbirira ndi zala, lina lomangidwa ndi chingwe cha nsapato. Tinawayang'ana mabokosiwo ndi chisoni chonyada, n'kumaganiza kuti kunja kuno kuli masukulu opanda mwambo.

A Hedi anatsokomola, anakoka jekete, n'kuyamba: “Mayi mlangizi, m'dzina la aphunzitsi, makolo ndi komiti, ndanyadira kukubwezerani katundu wanu monga munatipatsira. Taonani nokha. Palibe chala cha mwana chimene chakhudzapo. Ngakhale kapulasitiki ka pakamwa pa loko sitinakang'ambe. Masukulu ena atengerepo phunziro.”

Pa mawu amenewa adani awiri aja anatukula zifuwa limodzi, koyamba m'teremu yonse.

Anti anayendetsa chala pachivundikiro chonyezimiracho. Sanakwiye. Nkhope yake inali ya munthu amene anatumiza chakudya kwa wodwala n'kuchilandiranso chili chivundikirire.

“Ndiye ana awa, teremu yonseyi, aona chiyani?”

Kenaka pakati pa mzere panatuluka mawu aang'ono akuti, “Kabati, Anti.”

Anti anapumira m'mwamba. “Bokosili mawa likupita kusukulu ina. Nthawi yanu ndi ino, mpaka basi inyamuke. Aphunzitsi amene tinawaphunzitsa kuno, tsegulani, muwaonetse ana.”

Ha, inu amene simunaonepo ngwazi ikuyenda kupita kokaphedwa, mukanaona Bambo Kafukufuku akuvula chingwe chofiira m'khosi. Kiyi anaphonya bowo kangapo asanalowe. Makina anatulutsidwa n'kuikidwa patebulo, akuda, olemera, a diso limodzi loyang'ana kudenga. Anti anati pakufunika madzi akuda pang'ono, a m'chithaphwi kapena m'ngalande, ndipo anali pafupi kutuma munthu pamene chikwama cha Mayi Manjakumbuyo chinatseguka. Botolo linatuluka, lobiriwira ngati msipu wa dzinja.

“Onyowetsera dasitala,” anatero mayiwo, osayang'ana munthu.

Anti analikweza poyera n'kumwetulira. “Awa ndiye madzi. Mwawalera bwino, Mayi.”

Dontho linaikidwa pakagalasi, kagalasi pansi pa diso la makina. Bambo Kafukufuku anawerama, anakanikiza diso lawo pamenepo, osakhudza kagudumu ngakhale kamodzi, chifukwa sankadziwa kuti timagudumuto tili ndi ntchito. Anakhala chiweramire, thukuta likutsikira m'kolala. Kenaka anadzuka ndi nkhope ya munthu wopulumuka.

“Malinga ndi kafukufuku, tizilomboto ndikutiona. Tatalitali, takuda, topindika kunsonga, tandandalika pamzere. Ndipo ndikaphethira, tonse tikugwedezeka nthawi imodzi.”

“Zimenezo ndi nsidze zanu, aphunzitsi,” anatero Anti mofatsa.

Ana anaphulika ndi phwete. Apa mdani anali atagwa chagada, khosi lili poyera, ndipo Mayi Manjakumbuyo ankangofunika mawu amodzi kuti amutsirize mpaka kalekale. Tonse tinadikira mawuwo. Koma mayiwo anayang'ana mnyamatayo m'maso, ndipo anawazindikira mantha ake, chifukwa anali omwewo amene iwo anagona nawo teremu yonse. Anatembenuza Diso lija kwa ana, phwete lonse n'kuzima.

“Mayi,” ananong'ona Bambo Kafukufuku, “ine makinawa sindiwadziwa.”

“Nanenso, mwana wanga.”

“Ndiye tinkalimbirana chiyani?”

“Khalani chete, ana angamve.”

Anti anawaonetsa onse awiri pamodzi, kuti kuwala kumalowera apa, kagudumu aka kamatsitsa, aka kamakweza, ndipo munthu amatembenuza pang'onopang'ono, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anasuzumira yekha, anakonza, n'kunena kuti, “Tizilombo tadzazamo. Ayambe ndani?”

Ndinaona phazi la Mayi Manjakumbuyo likusuntha lokha kupita kutebulo. Koma mphunzitsi wakale ali ngati mayi wa ana ambiri, amadya zotsala m'mbale. Analibweza phazilo.

“Ayambe ana. Pamzere. Manja…” Apa lilime lawo linapunthwa, chifukwa linali lisanayendepo njira imeneyo. “Manja kutsogolo. Gwirani.”

Iwo anakaima kumapeto kwenikweni kwa mzere, chikwama chili m'khwapa.

Ana a makalasi awiri si ochepa, ndipo mwana aliyense akafika pamakinapo ankamatirira, mpaka mnzake kumukoka malaya. Wina anaseka, wina analumpha chambuyo, wina analumbira kuti sadzamwanso madzi moyo wake wonse. Mzere unkafupika mochedwa. Mayi aja ankasuntha phazi limodzi limodzi, maso ali pa makina. Patsogolo pawo patatsala ana owerengeka, kunja kunalira hutala.

Analowa dalaivala, Mfumu ya Msewu, Mimba Yofika pa Chiwongolero Mwini Wake Asanafike, akuzunguza kiyi wa basi pachala.

“Akuluakulu, nthawi yatha. Ndili ndi sukulu ina yokatenga. Ine ndikunyamuka pompano, wotsala abwera wapansi.”

A Hedi anayamba kukusa ana. Mayi Manjakumbuyo anayang'ana makina aja, anayang'ana ana amene anali asanaone, n'kukonza chikwama m'khwapa. Mtima wanga unawawa, chifukwa ndinadziwa kuti mawa bokosi likupita kwina, ndipo teremu ina mayiwa sadzakhalanso ndi kalasi.

“Otsalawa asuzumire msangamsanga,” anatero. “Ine zisakuvuteni. Ndinakajambula kokwanira.”

Pamenepo ndi pamene Mnyamata wa Tayi Wofiira anachita chimene chinamulowetsa m'mbiri. Anapisa dzanja m'bokosi, anatulutsa maginito aakulu opindika, n'kuyandikira dalaivala mwaulemu wonse.

“Achimwene, musananyamuke, tithandizeni phunziro limodzi. Ana inu, maginito amakoka chiyani?”

“Chitsulooo,” anayankha ana, monga anaimbira teremu yonse.

Kiyi wa basi anachoka pachala cha dalaivala n'kukamata pa maginito, kuti ta. Ana anakuwa ndi chimwemwe, chifukwa aka kanali koyamba kuona kuti nyimbo ija inkanena zoona. Dalaivala asanatseke pakamwa, kiyi wake anali atalowa m'chingwe chofiira, chingwe chili m'khosi mwa mphunzitsiyo. Ndipo Bambo Kafukufuku anakwera pa kampando, anatambasula dzanja, n'kulengeza:

“Imvani, inu a pamsewu. Ine zambiri sindizidziwa, ndipo lero zaonekera poyera. Koma pali luso limodzi limene palibe angandipose m'dziko lino, ndilo kukaniza kiyi. Funsani amayi awa. Kiyi akalowa m'khosi muno amatha teremu. Basi imeneyo siyenda mpaka Mayi ataona.”

Dalaivala analusa, anatchula bwana wake, anatchula apolisi, anatchula ndi makolo a Bambo Kafukufuku amene sankawadziwa n'komwe. Pomaliza anatembenukira kwa a Hedi kuti aweruze. A Hedi anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anamugwira dalaivalayo paphewa n'kunena kuti, “Tikambirana.” Pa zaka zonse za ulamuliro wawo, limeneli ndi tsiku lokhalo limene mawuwo anagwira ntchito yothandiza munthu.

Ana otsala anaona, mmodzi mmodzi, osathamangitsidwa. Kenaka Mayi Manjakumbuyo anaika chikwama pansi. Anavula magalasi awo, anapukuta diso ndi nsonga ya mpango, n'kuwerama. Dzanja lawo loyera ndi choko cha zaka zambiri linagwira kagudumu n'kutembenuza pang'ono. Ngakhale dalaivala anasiya kulalata.

Anakhalitsa. Kenaka, osadzutsa mutu, analankhula ndi mawu amene sitinawamvepo, aang'ono, ngati a mtsikana wa kalasi yawo yomwe.

“Kakuyenda.”

Anatembenuzanso kagudumu pang'ono.

“Ndi komweko, phazi la nsapato, ubweya ndi womwewo. Koma kakuthamanga, inu. Kagunda chinyalala, kabwerera, kakhota. Buku lija silinanene kuti kamakhala pa changu chotere.”

Mwana wina wa kutsogolo, mwina yemwe uja anayankha Anti za kabati, anafunsa kuti, “Madamu, mwakaona?”

Mayi anadzuka. Diso limene linali pamakina linali lonyowa, linzake lomwe.

“Ndakaona,” anatero. “Inde, ndakaona.”

Umu ndi mmene inathera Nkhondo ya Bokosi, ndipo mtendere wake unakondwereredwa moyenera ukulu wake. Pobwerera, botolo la madzi a m'ngalande linakhazikidwa pampando wakutsogolo n'kumangidwa lamba, a Hedi ataimirira pambali pake njira yonse. M'mawa mwake, pamaso pa ketulo, mabotolo awiri a shuga anathiridwa m'botolo limodzi, mphunzitsi wa Sitandade 3 uja anakhululukidwa, ndipo ngwazi ziwirizo zinasinthana zida. Mayi anapereka loko kwa bambo, amene analibe chokhoma. Bambo anapereka chingwe chofiira kwa mayi, amene analibe kiyi womangirirapo. Tinawomba m'manja nthawi yaitali. Kenaka a Hedi analengeza kuti botolo lija tsopano ndi chuma cha sukulu, analikulunga m'pulasitiki, n'kulitsekera muofesi pambali pa mpira wa dziko lapansi, kuopa kuti ana angaliwononge.

Tsiku lawo lomaliza, Mayi Manjakumbuyo analowa m'kalasi, makalasi onse awiri atapanikizana mmenemo, Bambo Kafukufuku atakhala pa benchi yakumbuyo mawondo ali kuchibwano. Mayi anatenga choko n'kujambula kachilombo kaja kumanzere kwa bolodi, osayang'ana m'buku. Anakayang'ana pang'ono, n'kupukusa mutu. Anakafufuta ndi chikhatho, n'kukajambulanso patsogolo pang'ono. Anafufutanso, anajambulanso, kakukhota, kakubwerera, kakupitirira, ana akuseka n'kumakalozera njira, mpaka kanafika kumphepete kwa bolodi, kufupi ndi chitseko. Pamenepo anakafufuta komaliza, anaika choko patebulo, anatenga chikwama chawo, n'kutuluka pakhomo pomwepo kukatsatira.